Achibale anga a m'galasi

Ndinabadwira ku Senga Bay, ndipo kwathuko mbuna si nsomba yoti munthu wa ndevu zake n'kumaitchula pagulu. Ndi tinsomba ta m'miyala tomwe tinkawedza tili ana, n'kutiwotcha mobisa amayi akapita kumunda. Ndiye tsiku lomwe ndinathawira mvula m'sitolo ya ziweto ku Johannesburg n'kupeza mbuna zachikasu zikuyendayenda m'galasi, pansi atalembapo kuti Malawi, mtengo wa kamodzi wokwana ndiwo za masiku awiri, ndinaseka mpaka wogulitsa anabwera kudzaona ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Ndinamuuza kuti awa ndi anthu akwathu. Iye anati mtundu wachikasuwo makolo ake ndi a cha ku Nkhata Bay, ngakhale izi zinabadwira m'thanki ndipo nyanja sizinaionepo. Atonga obadwira ku Joni. N'chifukwa chake zinatchena chonchija.

Ndinatuluka ndi nsomba zisanu, thanki ya malita 60, hita, sefa, mchenga ndi miyala. Miyala, abale anga. Mwana wa kunyanja kutulutsa ndalama m'thumba kugula miyala.

Chimene sindinamuuze wogulitsa uja n'chakuti ndinalibe nyumba. Ntchito yanga ndi yomanga mapanelo a sola, lero uku mawa uko, ndiye ndinagula galimoto yogonamo yakalekale, zija eni dziko amapita nazo kutchuthi: bedi kumbuyo, kasinki, mbaula ya gasi, ndi kathebulo komwe ndinakhazikapo thankiyo. Miyezi itatu yoyamba galimoto inali chiimire pamalo ena oimikapo makaravani, ndipo tinkakhala mwamtendere. Yaimuna yaikulu, yomwe inalanda mwala wapakati n'kumathamangitsa zinzake, ndinaitcha Amfumu. Ina yomwe inkangondiyang'ana mondikayikira ndikamadya ndinaitcha Apongozi. Amayi nditawaonetsa pa WhatsApp anafunsa funso limodzi lokha: "Zikula liti kuti udye?" Nditati si zodya anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati ndimapitabe kutchalitchi.

Mu Juni 2023 anatitumiza ku De Aar, ku Northern Cape, ulendo wa makilomita oposa 700. Munthu wanzeru akanatapula madzi, n'kuika nsomba m'ndowa yotseka, miyala pansi. Ine ndinati Amfumu asasokonezeke, ndinamanga thankiyo ndi zingwe ziwiri, madzi ali nde-nde-nde mpaka kukamwa. Kusukulu anatiphunzitsa kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Sanatiuze kuti makilogalamu 60 a madzi samva mabuleki.

Ndinaphunzira zimenezi pa geti yolipirira msewu ya Grasmere, pa N1, ndisanapite n'komwe patali. Lole ya kutsogolo inaima mwadzidzidzi, ine phazi pa buleki, ndipo kumbuyo kwanga kunamveka mwera weniweni. Khuu! Chivindikiro chinauluka, funde linandimenya pankhongo n'kutsikira m'malaya. Lachiwiri linabwerera kukagwera pa matiresi. Thumba la ufa la makilogalamu 10 lomwe ndinaika pansi pa thebulo linayamba lokha kuphika phala. Mayi wolandira ndalama pawindo anandiyang'ana madzi akudontha m'makutu kunja kuli dzuwa, ndipo anandipatsa chenji osanena kanthu, koma anaitana mnzake kuti adzaone.

Nditaima pambali ndinawerenga nsomba. Zinayi. Ndinawerenganso, ngati kuti nsomba ingabisale kumbuyo kwa inzake. Zinayi. Ndinagwada m'phala muja kusuzumira pansi pa bedi, ndipo m'pamene wapolisi wa pamsewu anatsegula chitseko, ataona madzi akuchucha pansi pa galimoto. Anafunsa ngati rediyeta yaphulika. Ndinati ayi bwana, ndikufunafuna Apongozi. Anafunsa kuti apongozi angawo ndi aakulu bwanji kuti akwane pansi pa bedi. Ndinamuonetsa chala changa chamkombaphala.

Anali iyeyo amene anawapeza, m'jombo yanga ya kuntchito, momwe munalowa madzi okwana kapu imodzi. Anali moyo, akundiyang'ana monga mwa masiku onse. Wapolisiyo anagwira jombo ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka, ine n'kukhuthulira m'thanki. Sanandilembe mlandu. Ndikuganiza kuti anasowa dzina lake.

Ulendo wotsalawo, kudutsa Bloemfontein ndi Colesberg mpaka kukhotera pa N10 pa Hanover, nsomba zinayenda m'ndowa yochapira, ine ndikuyendetsa ngati ndanyamula maliro. Ndinafika usiku, ndinalumikiza magetsi, ndinadzaza thanki, ndinayatsa hita. Ndinati mavuto atha.

Amene sanagonepo ku Karoo, dera louma komwe kuli De Aar, mu Juni asamanene kuti ku Dedza kumazizira. Kumeneko usiku madzi a m'chigubu panja amaundana. Mbuna zimafuna madzi ofunda ngati a kwathu, madigiri 24 mpaka 28, ndipo chaka chimenecho South Africa yonse magetsi ankazima mosinthana pafupifupi tsiku ndi tsiku. Cha m'ma 10 usiku, phethi! Mdima. Hita zii, sefa zii. Ndinalumikiza zonse ku batire ya galimoto kudzera pa invata, kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, n'kugona pa matiresi onyowa aja nditayala makatoni. Cha m'ma 2 ndinadzuka invata ikulira ngati mwanapiye. Batire yatha, magetsi sanabwere, ndipo nsomba zonse zinali pansi pa mchenga, zipsepse zitapinda, Amfumu atasiya ufumu.

Tsono taganizani. Munthu wabwera kudzamanga magetsi a dzuwa oti aunikire mizinda, ali m'kabudula pakati pa usiku, akuwiritsa madzi pa gasi, kuthira m'mabotolo a zakumwa n'kumawayandamitsa m'thanki limodzilimodzi. Bulangete langa lokhalo louma ndinafunditsa thanki. Popeza sefa inaima, ndinkatunga madzi ndi kapu n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya, ngati mayi wozizitsa phala la mwana. Kenako ndinaikumbatira thankiyo kuti ndiipatseko kutentha kwa thupi langa, koma inali thanki imene inandilanda kochepa komwe ndinali nako. Anzanga a kuntchito anandipeza choncho m'mawa, ndikunjenjemera, tsaya litamatirira pagalasi. Mnzanga wina wa ku Mangochi anaona, napukusa mutu. "Achimwene, usipa tinkauyanika padzuwa, inu mwayamba kuufunditsa?" Galimoto anachita kukankha anthu asanu ndi mmodzi.

Chodabwitsa n'chakuti palibe inafa. Ine ndi amene ndinagona masiku atatu ndi chimfine. Madzi a ku De Aar ndi a m'zitsime zakuya, a laimu wambiri moti ketulo yanga inachita nkhanambo zoyera sabata imodzi, koma mbuna madzi oterewa ndiye kwawo. Zinawala kuposa kale.

Patapita masabata awiri Apongozi anasiya kudya. Khosi linatupa, pakamwa anatseka, n'kumangobisala kuseri kwa mwala. Ndinadziwa kuti ndi zotsatira za jombo ija, kapena chisanu chija. Ndinagula mankhwala mitundu iwiri. Ndinasiya nyama Lachisanu. Tsiku lakhumi ndinaimbira amayi pa vidiyo, mawu akunjenjemera, kuwauza kuti nsomba yanga yadwala matsagwidi.

"Tayandikitsa foniyo," anatero. Anayang'ana kamodzi kokha. Kenako anaitana azakhali, azakhali anaitana oyandikana nawo, ndipo ndinamva khonde lonse la ku Senga Bay likugwa ndi phwete.

"Iwe, bambo ako anakhala m'bwato zaka zonse zija kuti ubereke manyazi otere? Sunang'ambepo chambo n'kupeza mazira m'kamwa? Yafungatira ana imeneyo!"

Patatha sabata ina ndi theka Apongozi anayasamula, ndipo munatuluka tiana 14, tating'ono ngati njere za mpunga. Bambo wake anali Amfumu. Ine amene ndinapereka mainawo ndinasowa poyambira kufotokoza.

Mwezi wotsatira abwana anati tisamukire ku Upington. Ndinagula ndowa zitatu zotseka, kapampu ka mpweya koyendera mabatire, ndi bulangete lachiwiri. Amayi anatumiza uthenga wa mawu wofunsa ngati 19 sizikukwana tsopano poto mmodzi, ndipo kumbuyo kwawo azakhali ankakuwa kuti andifunsire ngati zidzukulu zalandira katemera.