Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nanga mwamunayo anali kuti?

M'gawo lapitalo ndinakusiyani nditayamba kupemphera kumpingo wathu waung'ono wa ku Zingwangwa, uja timabwereka kalasi ya pasukulu n'kumadzipanikiza pamadesiki a ana. Lero ndinene za tsiku loyamba kuima kutsogolo.

Kwathu gome si la abusa okha. Lamlungu limodzi pamwezi amapatsa munthu wamba, kaya wogulitsa makala, kaya mnyamata wachialubino amene kwina anthu amamusunthira patali pabenchi. Ndiye tsiku lina abusa anandipeza ndikupalasa makina, singano kukamwa.

"Mayi, Lamlungu la pakati pa Januwale ndi lanu."

"Abusa, ine telala? Komanso mbiri yanga anthu akuidziwa."

"Akuidziwa. N'chifukwa chake ndabwera."

Mbiriyo ndi iyi. Ndili Fomu 3 ndinatenga mimba. Sukulu inandilandiranso nditabereka, poti kuyambira 1993 boma linalola atsikana otere kubwerera m'kalasi. Koma kumpingo kumene ndinakulira anandiitana pabwalo la akuluakulu, amuna okhaokha kuseri kwa tebulo, ine pakampando kopanda chotsamira. Anandiimitsa mgonero, n'kundichotsa m'kwaya. Malo anga anakhala benchi yakumbuyo, pakhomo pamene ankatsamiritsa matsache. Mwini mimbayo sanaitanidwe n'komwe. Ndinkamuonera kumbuyoko akuimba tenala, tayi ali pakhosi.

Popeza Lamlungu langalo linayandikana ndi 15 Januwale, ndinadzaza kope lonse ndi John Chilembwe: mishoni ya ku Mbombwe mu 1900, thangata wa m'minda ya ku Magomero, kuukira kwa 1915. Ndinaikamonso kalata ya mabishopu ya pa 8 Marichi 1992 imene inagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi. Kunena zoona, ndinkangofuna anthu aone kuti telala nayenso anawerengako.

Loweruka usiku magetsi atathima ndinayatsa kandulo, Baibulo n'kutseguka pa Yohane 8, nkhani ya mkazi amene anamugwira m'chigololo. Ndinaiwerenga kawiri. Kenako ndinatsata kavesi ka m'mphepete mpaka ku Levitiko 20:10, pamene lamulo la Mose likunena za onse awiri, mwamuna ndi mkazi. Anthu ankati amugwira ali mkati mochita, koma kwa Yesu anafika naye yekha. Ndinakhala phee mpaka kandulo kutsala kachidutswa. M'kope lija ndinasungamo mzere umodzi wokha, wa Mayi Ida Chilembwe amene ankaphunzitsa amayi kusoka, chifukwa ameneyo ndi mnzanga pantchito.

M'mawa mvula inabwera yamkuntho. Malata ankachita phokoso moti ndinalalikira ngati wogulitsa tomato ku Limbe. Kumbuyo kwanga pabolodi panali masamu a Sitandade 5 osafufuta. Miyendo inkanjenjemera, mwayi chitenje chinabisa. Nditamaliza kuwerenga ndinatseka Baibulo n'kufunsa: "Abale ndi alongo, nanga mwamunayo anali kuti?"

Zii.

Kenako agogo ena pakona anakuwa, "Anathawira pawindo!" Kalasi yonse inaphulika ndi chiseko, koma ndinaona amayi angapo akuseka uku akupukuta maso ndi mpango. Pamenepo mantha anandithera. Ndinafotokoza za benchi ya pamatsache ija, osatchula mpingo kapena munthu. Ndinati thangata sanathere ku Magomero, alipo wina wa m'tchalitchi, woti tchimo achite awiri, katundu asenze mmodzi.

Sikuti onse anakondwa ayi. Potuluka bambo wina wachikulire, amene ndimamulemekeza mpaka lero, anandiimitsa pakhonde. "Mayi, mwalalikira bwino, koma vesi 11 mwangoidutsa pamwamba. Yesu anamuuzanso kuti asachimwenso." Ndinayankha kuti inde bambo, koma taonani chimene chinayamba kutuluka pakamwa pake: anayamba wamuuza kuti sakumuweruza, atabalalitsa kale a miyala aja. Anagwedeza mutu, osavomera, osakana. Timakambiranabe nkhaniyi tikakumana pamaliro. Ndipo pena anali ndi mfundo. Theka la ulalikiwo ndinkalalikira woimba tenala uja, munthu amene sanalipo, ndipo mkwiyo unkamveka.

Ndikupinda ambulera kuti ndizipita, ndinaona mtsikana ataima kuseri kwa thanki yamadzi, atavala juzi yaikulu kunja kukutentha chinyezi cha dzinja. Anadikira anthu onse apite.

"Anti, mungandikulitsireko yunifolomu? Yayamba kundithina."

Ndinamuyang'ana m'chiuno, iye n'kugwetsa nkhope.

"Ubwere mawa ukaweruka, mwanangu. Ubwere ndi mayi ako."

"Mayi sakudziwa."

Za ulendo umene tinayenda awiriwiri kukwera mtunda wa ku Chilobwe kukaonana ndi mayi akewo, ndidzanena m'gawo 10.