Mwezi unanditupitsa diso

Telesikopu ija ndinaigula ku Lilongwe kwa munthu wina amene ankagulitsa katundu wake posamuka. Pakatoni panalembedwa 525x ndi zilembo zofiira, kutanthauza kuti imakuza zinthu ka 525, pambali pake chithunzi cha Saturn chachikulu ngati lichero. Mphunzitsi wa sayansi ngati ine ndinayenera kukayika, koma ndinalipira osanenerera n'komwe, n'kuipakata mu minibasi mpaka ku Mtunthama ngati khanda.

M'katonimo munali timagalasi titatu toika pomwe diso limasuzumira, timene amati eyepiece: ka 20mm, ka 12.5mm ndi ka 4mm, komanso kachubu kotchedwa Barlow kochulukitsa mphamvu katatu. Masamu ake ndi a sitandade 5. Mumatenga nambala ya telesikopu, yanga ndi 700mm, n'kugawa ndi nambala ya kagalasi. Ka 20mm kamakuza ka 35, ka 4mm kamakuza ka 175, ndipo mukaikapo Barlow ndiye mwafika pa 525 uja. Nditaona choncho ka 20mm ndinakanyoza. Ndinapatsa mwana wanga Tadala kuti azionera nyerere.

Kenako kunamveka zoti Lamulungu pa 7 Sepitembala 2025 kukhala kadamsana wa mwezi. Apa mpamene ndinadzipalira makala pamutu, chifukwa ndinatumiza uthenga kwa apongozi ku Chamama kuti abwere adzaone zimene mkamwini wawo ali nazo. Anabweradi, atavala jekete, pamodzi ndi mlamu wanga amene sayankhula osakumenya pamsana.

Cha m'ma hafu sikisi mwezi unayamba kudyeka m'mbali. Ana a m'mudzi anadzadza pabwalo. Ine ndinaika ka 4mm ndi Barlow yemwe, n'kukhosomola pang'ono kuti anthu adziwe kuti ntchito yayamba.

Kagalasi ka 4mm kaja kabowo kake n'kochepa ngati njere ya mapira. Ndipo pali chinthu chimene wogulitsa sangakuuzeni: kagalasi kalikonse kali ndi mtunda wake umene diso liyenera kukhalapo kuti muone chithunzi chonse. Timagalasi totchipa ta nambala yaing'ono timafuna diso lichite kugunda, pamene munthu wovala mandala amafunika mpata wa mamilimita 15 mpaka 20. Ine mandala ndinayamba kuvala ndili Fomu 2. Nditawerama ndinangomva "kwe!" mandala agunda chitsulo. Ndinavula. Ndinakanikiza diso mpaka nsidze zikusesa galasi, misozi chuchuchu. Mdima wokhawokha.

"Zikuoneka, bambo?" anafunsa apongozi, ali pampando chapatali monga mwa ulemu wathu.

"Ndikuusaka kaye, bambo."

"Ukuthawa? Ife kuno tikuuona."

Sananame. Mwezi unali pamwamba pa chigafa chawo cha aneba, aliyense akuuona ndi maso amene anabadwa nawo, kupatula mwini telesikopu. Ndikati ndaugwira, kanthu kofiirira kankangodutsa ngati mbewa n'kusowa, poti dziko limazungulira ndipo mukakuza kwambiri, chimene mukuyang'anacho sichichedwa kutuluka. Miyendo ya telesikopuyo nayo inkanjenjemera ndikangopuma. Chinanso ndinachiwerenga mochedwa: galasi lakutsogolo la 60mm ngati langa silingakuze bwino kupitirira cha m'ma 120. Zoposa pamenepo kumakhala kukuza chifunga basi. Nanga mwezi wa kadamsana, wothima kale ngati khala la dzulo, ndiye ndiukuze ka 525?

Itakwana hafu seveni mwezi wonse unalowa mumthunzi n'kufiira. Ana anakuwa. Mlamu wanga anasangalala kuposa onse.

"Alamu, taonani wapsa!"

Phaa! pamsana. Diso langa lamanja, limene linali kale pachitsulo, linalowa m'kagalasi ngati likufuna kukauona mweziwo pafupi. Nyenyezi ndinaziona ndithu, zambiri, zina zobiriwira zimene sizili m'buku lililonse.

Ndili pamkeka, mayi a Tadala akundithowa ndi kansalu konyowa uku mapewa akugwedezeka ndi phwete lobisa, ndinamva mwana uja akuti, "Adadi, ndiikemo kanga kaja?" Sindinayankhe. Anazula Barlow, n'kulowetsa ka 20mm katapukutidwa ndi diresi, ndipo pasanathe mphindi anafuula kuti waupeza. Mwezi wonse unakwana mkati, wozungulira bwinobwino, wofiira ngati dothi la katondo, timaenje take tikuoneka. Kadamsana wathunthu anatenga mphindi 82, moti ana onse anasuzumira, ena kawiri. Apongozi anadzuka, anasuzumira nthawi yaitali ali chivalire mandala awo owerengera Baibulo, kenako anati, "Mwanayu watengera kuchimayi."

Lolemba ndinapita kusukulu diso lili ngati bwemba lonyowa. Kumbukirani kuti kunali kutatsala masiku ochepa kuti tivote pa 16 Sepitembala, misonkhano ili paliponse. Ahedi anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Aphunzitsi, tinakambirana kale kuti zandale muzizisiya kutali. Unali msonkhano wa chipani chiti?"

"Ndi mwezi, bwana."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kutsitsa mawu. "Ngati ndi za kunyumba, ankhoswe alipo."

Manyazi amenewo ndi amene anandichititsa kuti ndilembere msuweni wanga wa ku Johannesburg pa WhatsApp. Ndinamufotokozera zonse mwaukatswiri: kagalasi ka pakati pa 10mm ndi 15mm, ka mpata wa diso wa mamilimita 20, kokhala ndi mphira wofewa m'mphepete wotheka kupinda ukavala mandala. Anakagula, n'kukapatsira munthu wa pabasi. Kanafika mu Novembala mitambo itayamba kale kusonkhana, kolemera bwino m'manja, galasi lake lalikulu ngati la wotchi. Ndinakapsompsona.

Nditati ndikalowetse, kanakana. Timagalasi tabwino timabwera ndi tsinde la mainchi 1.25, pamene bowo la telesikopu yanga ndi lachikale lija la 0.965. Panopa kali m'kabati pakati pa makapu a alendo, ndipo Tadala wafunsa kale kawiri ngati angakabwereke, akuti nyerere zake zikumusowa.