Lachinayi: bug yomwe tidaikwirira yauka

Ndisanamwe ndi tiyi yemwe, foni yalira. Mnzanga amene timasamalira limodzi kapulogalamu kathu ka open source (code yake ndi yotseguka kwa aliyense), kolembera katundu wa m'sitolo, walemba kuti: "Achimwene, vuto la madeti lija labweranso mu version 2.4." Ndakana kwamtuwagalu. Vuto limenelo ndidalikonza ndekha miyezi inayi yapitayo, ndipo usiku wake ndikuukumbukira chifukwa magetsi adali atazima, ine ndikuthamangitsana ndi batire ya laputopu.

Nditatsegula git log, mndandanda wa zonse zimene tasintha mu code yathu umene pulogalamu ya Git imasunga, ndangoti kakasi. Kukonza ndidakonzadi, koma pa branch (nthambi ya code) ya release/2.3 pokha. Ku main, nthambi yaikulu komwe ma version atsopano amachokera, sindidapititse. Ndiye sabata yatha, podula branch ya 2.4 kuchokera ku main, tidaidula ndi matenda ake omwe. Ndidapalira mzere umodzi wa m'dimba, udzu nkuusiya ku nazale komwe timazula mbande.

Chondipweteka nchakuti lamulo lake ndimalidziwa. A Linux, omwe woyambitsa wawo Linus Torvalds adawalembera Git mu 2005, salola chigamba kulowa mu stable (nthambi ya ma version otuluka kale), imene amayang'anira Greg Kroah-Hartman, ngati sichidalowe kaye mu nthambi yaikulu ya Linus. A Python nawonso chimodzimodzi: umakonza pa main, pull request yako (pempho loti zimene wasintha zilowetsedwe) nkuiika chizindikiro choti ibwerere ku nthambi zakale, kenako kaloboti kawo kotchedwa Miss Islington kamatola commit ija, kutanthauza zosintha zako zija, nkukaiika kumeneko. Ife kaloboti tilibe. Tilipo awiri basi, ndipo usiku uja mmodzi wa awiriwo ankafuna kukagona.

Mmawa wonse wapita pa zimenezi. Ndayesa git cherry-pick kuti nditole chigambacho ku 2.3, koma yabwera conflict (Git yalephera kuchilumikiza yokha), poti ntchito yowerengera madeti tidaisamutsira ku fayilo ina mwezi watha. Mizere isanu ndi umodzi yokha, koma ndaiyang'anitsitsa pafupifupi ola lathunthu, kuopa kufufuta za mnzanga. Itatheka ndalemba test yoti izigwa vutoli likangosuzumira. Iyi ndiyo ndikadalemba kalekale. Chigamba chalowa ku main, kuchoka apo ndachitengera ku release/2.4 ndi cherry-pick -x, kuti uthenga wa commit uzionetsa kumene chachokera. Ka -x aka nkakang'ono, koma tsiku lina wofufuza adzatithokoza.

Masana kwabwera ina. Mnyamata wina amene wayamba kutithandiza posachedwa watumiza pull request yowonjezera malipoti a PDF, ndipo akupempha kuti ilowe mu 2.4. Ntchito yake ndi yaudongo, sindinama. Mnzanga anayamba kufewa: "Tingoilowetsa, achimwene, mwanayu angakhumudwe." Ndakana. Branch ya 2.4 tidaitseka titatulutsa rc1 (version yoyeserera yoyamba tisanatulutse yeniyeni), zolowamo ndi zokonza zolakwika zokha. Ngakhale a Linux, ndi unyinji wawo wonse uja, zatsopano amazilandira kwa masabata awiri okha, kenako ndi ma rc sabata ndi sabata, kawirikawiri mpaka rc7, asanatulutse. Ndiye ife awiri tilandire mizere 600 yosayesedwa kutatsala masiku ochepa?

Ndamuyankha mwaulemu kuti ntchito yake ilowa ku main ndipo idzatuluka mu 2.5. Wayankha ndi kachala kovomera kokha. Mwina wanyansidwa, kaya. Ndikumumvetsa, inenso pull request yanga yoyamba idakhala pamzere miyezi iwiri, ndimvekere anthuwa sandifuna.

Madzulo ndalemba mizere itatu mu CONTRIBUTING.md, fayilo ya malangizo kwa otithandiza: chokonza chilichonse chiyambire ku main, chipite ku nthambi za release ndi cherry-pick -x, ndipo nthambi ikangofika pa rc1 isalandirenso zatsopano. Tagwirizananso kuti 2.2 tisiya kuisamalira 2.4 ikatuluka. Nthambi zitatu zatikulira.

Tag (chizindikiro cha version) ya v2.4.0-rc2 ndaiika, koma ndili pakati pokankha ntchitoyi pa intaneti bandulo yandithera. Kumbukirani, git push wamba satumiza ma tag, ndiye mawa ndisaiwale. Nsima yazizira patebulo, ndipo mayi a kunyumba andiitana kachitatu.