Kuwotcha pokodza si chizonono nthawi zonse

Azimayi anzanga nkhani iyi ambiri timavutika nayo chamumtima. Upita kokodza, kutuluka timadontho tokha koma kuwotcha kwake ngati wathirako tsabola wa kambuzi, ukangobwerako wafunanso, pachinena pakupweteka, mkodzo wake wambuu komanso wafungo. Maganizo oyamba amakhala oti abambo kunyumbaku abweretsa matenda, ena mpaka kuyambana, ena manyazi osapita kuchipatala poopa kuti anesi awaganizira zachiwerewere.

Koma nthawi zambiri imeneyi ndi UTI, tizilombo talowa m'chikhodzodzo basi. Kachilombo kamene kamavutitsa kwambiri ndi E. coli, ka m'matumbo mwathu momwemu, kamangosochera kuchoka kumbuyo kubwera kutsogolo. Ife njira ya mkodzo ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pomwe ya abambo imafika cha m'ma 20, nde kachilomboko sikachedwa kufika. Olo kamtsikana ka ku pulayimale kamadwala. Koma abambo mukamamva kuwotcha kwinaku kukutuluka mafinya musabisale kumbuyo kwa UTI ayi, pitani nonse awiri mukayezetse.

Chimene chimandikwiyitsa ine ndi makapisozi a pa okala. Mnzanga wina amagulitsa kaunjika mumsika, tsiku lonse samwa madzi dala poopa chimbudzi cholipira komanso kusiya katundu payekha, mkodzo amangousunga mpaka madzulo, nde zikayamba kuwotcha amagula amoxicillin kapena Bactrim awiri atatu, zikangochepa wasiya. Tsiku lina thupi linatentha, kunjenjemera, kusanza, msana kupweteka mbali imodzi pansi pa nthiti, iye ati malungo, anamwa LA osayezetsa. Kuchipatala malungo sanapezeke, matenda anali atakwera mpaka ku impso, anagonekedwa. Tizilombo tambiri sitikufanso ndi amoxicillin kapena Bactrim, tinawazolowera kalekale chifukwa chomwa mwachisawawa chomwechi. Kuchipatala amayeza mkodzo nkukupatsa oyenera, mwina nitrofurantoin, ndipo umalize onse olo wayamba kupeza bwino. Nitrofurantoin amatha kusintha mtundu wa mkodzo kukhala woderapo, musadabwe.

Oyembekezera musadikire tsiku la sikelo, UTI itha kuchititsa mwana kubadwa masiku osakwana. A shuga nawonso imakonda kuwabwerera. Ndipo mukaona magazi kumapeto kwa mkodzo koma mumasamba kunyanja kapena kuchapa kudambo, auzeni adokotala, mwina ndi likodzo, limenelo mankhwala ake ndi praziquantel osati makapisozi.

Zopewera sizodula. Madzi okwanira mpaka mkodzo uziyera, osausunga, podzipukuta kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo dzukani mukakodze olo kuli kozizira. Ndipo zija zolowetsa sopo kapena zitsamba mkati kuti ati muyere, zisiyeni, zimapha tizilombo tabwino timene timakutetezani, madzi okha kunja akwana.