Mapointi a MSCE ndi masamu a chaka choyamba ku Poly

Akuluakulu amene anaphunzira uinjiniya ku Polytechnic kalelo amakonda kunena kuti masiku ano sukulu inapepuka. Ine ndili m'kati mwa maphunziro omwewo, ndipo pa nkhani ya kalowedwe ndikuvomereza kuti zinthu zasinthadi. Zoti maphunziro anapepuka ndiye ndikukana.

Poly inatsegulidwa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo inali nthambi ya Yunivesite ya Malawi mpaka mu 2021 pamene inaima payokha n'kukhala Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS), ngakhale ambirife timangoti Poly. Kwa zaka zambiri wofuna digiri ya uinjiniya wa zomangamanga, zamagetsi kapena zamakina m'dziko muno analibe kwina kolowera. Yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST ya ku Thyolo inadzayamba kulandira ophunzira mu 2014.

Kale kukhoza MSCE kokha sikunali kokwanira. Munthu ankalembanso mayeso olowera ku yunivesite, oyesa Chingerezi, masamu ndi kaganizidwe. Mayesowo anatha pamene bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE linayamba kuyendetsa kasankhidwe ka mayunivesite a boma pamodzi. Panalinso kota, njira yogawa malo a ku yunivesite potengera boma limene munthu akuchokera, imene inayamba nthawi ya Dr Kamuzu Banda kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Khothi linaiimitsa mu 1993, ulamuliro wa Bingu wa Mutharika unaibwezeretsa mu 2009, boma lililonse kuyambira Chitipa mpaka Nsanje n'kupatsidwa malo 10 otsimikizika, kenako inathetsedwa mu 2020. Lero chimene chimalankhula kwambiri ndi mapointi a maphunziro 6 amene munthu wakhoza bwino, komanso magiredi a masamu ndi sayansi. Popeza sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, olimbirana malowa ndi ochuluka kuposa a nthawi ya akuluakulu aja.

Vuto langa lili pa mapointiwo. Ndimawalemekeza, chifukwa munthu sapeza giredi 1 ya masamu akugona. Koma mapointi amayesa mwana pamodzi ndi sukulu imene wachokera. Wina anaphunzira kusekondale yogonera komweko, kumene kuli labotale ndi mphunzitsi wa Additional Mathematics. Winanso anachokera ku CDSS kumene Physics anaiphunzira pabolodi pokha, osagwirapo waya kapena mita ya magetsi, ndipo differentiation, gawo la masamu a calculus owerengera kasinthidwe ka zinthu, anakaimvera koyamba ku Poly. Onse awiri amakhala pa benchi imodzi chaka choyamba, mphunzitsi n'kuyamba calculus sabata yomweyo. Amene analowa ndi mapointi 14 kuchokera kusukulu yopanda zipangizo nthawi zina ali ndi mutu wakuthwa kuposa wa mapointi 8, kungoti miyezi yoyambirira imamupweteka asanapeze poponda.

Chimene chinandidabwitsa ine ndi kusiyana kwa mafunso. Ku sekondale, ukabwereza mapepala a mayeso a zaka zapitazo mokwanira, umayamba kuzindikira funso usanamalize kuliwerenga. Ku uinjiniya njira imeneyo siyenda. Mu mechanics akupatsa mtanda wokhala pa nsanamira ziwiri, utasenza katundu pakati, ndipo uyenera kujambula wekha mphamvu zonse zimene zikuukankha usanalembe fomula iliyonse. Mphunzitsi akangosuntha katunduyo pang'ono, kapena kusintha kakhalidwe ka nsanamira imodzi, zonse zimene unaloweza zathera pomwepo. Umafunika kudziwa chifukwa chake mphamvu zokwera ndi zotsika ziyenera kufanana, komanso chifukwa chake ma moment onse, kapena kuti mphamvu zofuna kutembenuza mtandawo, akaphatikizidwa ayenera kupereka ziro. Engineering drawing nayo imachepetsa anthu amene sanalepherepo chilichonse m'moyo mwawo, chifukwa imafuna kuti uone chinthu m'maganizo kuchokera kutsogolo, pamwamba ndi m'mbali nthawi imodzi. Sapu, mayeso olembanso ukalephera phunziro, ilipobe, kubwereza chaka kulipobe, ndipo digiri yake ndi ya zaka 5, kuphatikizapo miyezi yokaphunzira ntchito kukampani ndi pulojekiti ya chaka chomaliza.

N'zoona kuti tili ndi zimene iwo analibe. Phunziro likandivuta m'kalasi ndimakalionera pa YouTube usiku, ndipo zojambula zimene iwo ankachezera nazo ndi pensulo ife timazikonza pa AutoCAD. Komabe m'chipinda cha mayeso mumalowa mutu ndi kakyuleta basi.

Akuluakulu aja amaiwala chinthu chimodzi. Ambiri mwa iwo ankagona pasukulu pomwepo, kudya kukafiteriya, boma likulipira pafupifupi zonse. Masiku ano wophunzira amalipira fizi, ena kudalira ngongole ya bungwe loona za ngongole za ophunzira limene linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo ambiri amachita lendi ku Chitawira, Zingwangwa kapena Ndirande. Munthu wayenda wapansi m'mawa, masana wadya chiwaya kapena sanadye n'komwe, madzulo magetsi azima, koma mawa lake fluid mechanics ikumudikira. Ndikaona mnzanga wotere akukhoza, sindingalole kuti wina anene kuti digiri yake ndi yotchipa.

Sindikufuna kota ibwerere, chifukwa inkasiya kunja ana okhoza bwino chifukwa cha boma limene akuchokera. Mayeso olowera nawonso ankakomera amene anali ndi ndalama zolipirira maphunziro okonzekera m'tauni. Chimene ndikulakalaka ndi masabata angapo a masamu ndi Physics ya mulabotale chaka choyamba chisanayambe, makamaka kwa ochokera ku CDSS. Pakadali pano ife a zaka zam'mwamba timakumana ndi achaka choyamba Loweruka, ndipo timayambira pa trigonometry ndi ma vector, chifukwa ndi pamene ambiri amayambira kutsalira.