Ntchito yanga ndinayamba kuifuna ndili chaka chachitatu

Ndili chaka chachitatu ku Poly, komwe kuyambira 2021 kumatchedwa MUBAS, ndinkaganiza kuti ntchito munthu amayamba kuifuna akavula gauni. Amene anandidzutsa ndi achimwene anga. Iwo anamaliza sukulu ine ndikungoyamba kumene, koma anali akadali pakhomo ku Ndirande, digiri ili m'sutikesi. Anandiuza kuti kulikonse kumene ankapita, funso linali limodzi: munagwirapo kuti? "Iwe usadikire. Tchuthi chikubwerachi ukapeze atachimenti, malo okaphunzira ntchito pa kampani, kaya salipira," anatero.

Choyamba ndinakatenga kalata ku dipatimenti yathu ya akaunti, yondichitira umboni kuti ndine wophunzira. Ndinapanga mafotokope khumi, n'kuyamba kuyenda: Ginnery Corner, Victoria Avenue, kenako minibasi ya ku Limbe. Masiku oyamba ndinkasiya envelopu pageti ndi alonda. Palibe anayimba foni. Kenako ndinayamba kupempha mwaulemu kuti ndionane ndi oyang'anira antchito kapena akauntanti wamkulu, ndipo pakatha sabata ndinkabwereranso kukafunsa. Anandilandira pa kampani ina yaying'ono ya ma audit, yofufuza mabuku a zachuma a makampani, ku Limbe, ndalama yake yongokwana thiransipoti.

Miyezi iwiri imeneyo ndi imene inandipatsa ntchito yomwe ndili nayo lero, ndiye ndichedwapo pang'ono. M'kalasi tinkaphunzira bank reconciliation, kufananitsa mabuku a kampani ndi zimene banki yalemba, pa pepala loyera, manambala ogwirizana bwino. Ku ofesi anandipatsa katoni ya malisiti ofufutika, ena opanda deti, kuti ndiwafananitse ndi zimene banki inalemba. Ndinaphunzira Sage, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera za akaunti, ndinazama mu Excel, ndinadziwa kuti msonkho wa PAYE, wodulidwa pa malipiro a antchito, uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo wa VAT pa 25. Mayi amene ankandiyang'anira anali wamawu ochepa, koma ukafunsa ankakoka mpando n'kukuonetsa mpaka umve. Safunsa anadya phula, ndiye ndinkafunsa. Madzulo aliwonse ndinkalemba m'kope zimene ndagwira tsikulo. Tsiku lomaliza ndinawapempha kalata yotsimikiza kuti ndinagwira nawo, komanso chilolezo choti ndiziwalemba ngati referee, munthu wondichitira umboni kwa olemba ntchito. Musamalembe munthu pa CV musanamuuze. Akamuyimbira foni n'kuyankha kuti sakukumbukani, basi zathera pomwepo.

Kope lija ndi limene linasanduka CV yanga ya masamba awiri. M'malo molemba kuti ndine wolimbikira ntchito, zomwe aliyense amalemba, ndinalemba ntchito zenizeni zomwe manja anga anagwira. Ma referee ndinayika atatu: mayi aja, mphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, ndi msungichuma wa kumpingo kwathu amene ndinkamuthandiza kulemba mabuku. Imelo ndinatsegula ina yokhala ndi dzina langa lenileni.

Za mapepala ndinazikonza ndisanalembe mayeso omaliza. Mafotokope a satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika ndinakawadindidsa kwa Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kutsimikiza zikalata, ndipo zotsatira zitatuluka ndinachita chimodzimodzi ndi transcript, chikalata cha zotsatira za mayeso anga. Zonse ndinazisikana n'kuzisunga mu foni, chifukwa ntchito zina zimatsekedwa patangopita masiku ochepa.

Kufufuzako ndinkakuchita ngati ntchito ya tsiku ndi tsiku. M'mawa ndinkawerenga The Nation ndi The Daily Times ku laibulale, kenako LinkedIn ndi magulu a pa WhatsApp a anzathu omwe anamaliza kale. Ndinalembetsanso ku pulogalamu ya boma ya Graduate Internship yomwe imayendetsedwa ndi unduna wa zantchito. Kalata iliyonse yofunsira ntchito ndinkailemba payokha, ndikuyankha zomwe alemba m'chilengezo, mutu wa ntchitoyo ndikuulemba ndendende mmene iwo aulembera. Zimatopetsa, ndipo makalata ambiri sanayankhidwe. Panali masabata amene ndinkadzuka opanda mphamvu yolemberanso ina.

Nthawi yofooka ngati imeneyo ndi imene akuba amakupezera. Tsiku lina munthu anandiyimbira kuti dzina langa lasankhidwa, ndingotumiza ndalama pa foni ya fomu ndi yoyezetsa kuchipatala. Mtima unagunda, koma achimwene anandifunsa kuti, "Kampani imeneyo unalemberako liti?" Ndinali ndisanalembereko. Zimandiwawa kuti anzanga ena anatumiza ndalama zomwe makolo awo anachita kukongola.

Intavyu yoyamba sindinakhoze. Anandifunsa zomwe kampani yawo imachita, ndipo yankho langa linali lapamwamba chabe. Pa yachiwiri ndinawerenga zonse zimene ndikanapeza zokhudza kampaniyo, ndinakaona kumene kuli ofesi dzulo lake kuti ndisasochere, ndipo ndinafika kutatsala mphindi makumi atatu. Atandifunsa za vuto limene ndinathanapo nalo, ndinafotokoza za katoni ya malisiti ija, mmene ndinapezera cheke chomwe chinalembedwa kawiri. Anafunsanso ngati ndikufuna kupitiriza maphunziro, ndinati ndikukonzekera mayeso a ICAM, bungwe la ma akauntanti m'Malawi.

Patatha masabata atatu, mayi a ku Limbe aja anandiyimbira kuti anthu ena awafunsa za ine. Lachinayi lotsatira kalata inafika pa imelo: miyezi itatu yoyeserera, kuyamba pa 1 mwezi wamawa. Ndinakwera minibasi ya ku Ndirande kukawaonetsa achimwene.