Sabata imene pendulamu inatsutsa kalasi yanga

Lolemba ndinalowa m'kalasi nditanyamula chingwe chotalika mita imodzi, kunsonga kwake nditamangako kachitsulo kolemera, popeza tinali kuyamba mutu wa simple harmonic motion (kayendedwe kopita ndi kubwera mobwerezabwereza ngati ka pendulamu), ndipo pa zaka zimene ndaphunzitsa fizikisi ndaona kuti ukayambira pa bolodi ophunzira amangokopera masamu osamvetsa kanthu. Ndinakokera kachitsuloko pambali masentimita 10 n'kukasiya, kenako ndinafunsa kuti kakuthamanga kwambiri pamalo pati. Angapo analoza kumapeto, chonsecho kumeneko ndi kumene kamaima kaye kasanabwerere.

Lachiwiri tinagwira wotchi. Maulendo 20 opita ndi kubwera anatenga masekondi pafupifupi 40, kutanthauza masekondi 2 pa ulendo umodzi, motero ω, nambala imene timaipeza pogawa 2π ndi nthawi ya ulendo umodzi, inatuluka 3.1, ndipo liwiro lalikulu, limene limapezeka pakati penipeni, linakhala masentimita 31 pa sekondi titachulukitsa ω ndi masentimita 10 aja.

Nkhani inavuta Lachitatu. Ndinafunsa liwiro la kachitsuloko kakafika masentimita 5 kuchokera pakati, ndipo pafupifupi kalasi yonse inayankha kuti theka la mtunda ndiye theka la liwiro. Nditalemba v = ω√(A² − x²), pamene v ndi liwiro, A ndi masentimita 10 aja ndipo x ndi mtunda kuchokera pakati, n'kupeza masentimita 27 pa sekondi, mtsikana wina wa pabenchi yakutsogolo anakweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwina mwalakwitsa penapake." Sindinamudzudzule, chifukwa nanenso ndili pasukulu ndinkaganiza chimodzimodzi. Ndinafotokoza kuti mphamvu imene kachitsulo kamasunga pokwera imakula molingana ndi x², choncho pa theka la mtunda kamakhala katataya gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a mphamvu yake yoyendera, ndipo magawo atatu otsalawo amasunga liwiro pa 87 peresenti ya liwiro lalikulu lija. Anagwedeza mutu, koma nkhope yake inkaonetsa kuti wangovomera mwaulemu.

Chimene chinamukhutiritsa ndi vidiyo imene tinajambula Lachinayi pa foni yotenga zithunzi 30 pa sekondi, titaika lula kumbuyo kwa chingwe. Tikusuntha chithunzi chimodzichimodzi, tinawerenga zithunzi zisanu kuchokera pakati kufika pa masentimita 5, koma khumi kuti kamalize masentimita 5 otsalawo. Iye yemweyo anawerenga kawiri asanavomere.

Pa mayeso a Lachisanu funso la liwiro ambiri analikhoza, koma atatu analembabe kuti kumapeto acceleration (kuchuluka kwa mmene liwiro likusinthira pa sekondi) ndi ziro, pamene ndi kumeneko kumene imakhala yaikulu kwambiri. Chingwe chija ndachisiya chikulendewera, tiyambira pomwepo Lolemba.